Sikelo ya Amadu ndi Sikelo ya Ana

Nditasiya uphunzitsi, achimwene anga aakulu anabwera kuchokera ku Ulongwe kudzandiona ngati mmene anthu amakaonera wodwala. Anakhala pakhonde, tiyi anakana, n'kundifunsa: "Iwe, ndege unayamba waikwerapo?" Ndinati iyayi. "Nanga kuiona ili pansi?" Ndinatinso iyayi. Anapukusa mutu nthawi yaitali. "Ndiye wasiya ntchito ya boma, ya penshoni, kuti uzikagulitsa chinthu chimene umangochiona chikudutsa m'mitambo?"

Sananame. Zaka khumi ndi zinayi ndinaphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ina ya kwa Mposa, ndipo kutali kumene ndinafikako kunali ku Lilongwe, kumsonkhano wa masiku awiri. M'kalasi mwanga munali mapu akale a dziko lonse, odyedwa ndi chiswe m'mbali. Ana amene ndinkawalozera mayiko ndi ndodo anakula n'kupita kumayiko omwewo, ine ndikadali ndi ndodo yanga. Akabwera kutchuthi ankandipatsa moni mwaulemu, kenako n'kuti, "Madamu, mukadali pompano?" Funso limenelo linkandiwawa, komanso linkandipatsa chidwi. Ndinkafuna kudziwa kuti munthu amatani kuti achoke pa Mposa n'kukafika pamene pagunda nsonga ya ndodo.

Mayi Matewere ali ndi kaofesi pa Liwonde, pakati pa telala ndi wokonza mafoni, kogulitsa matikiti a ndege ndi a mabasi a ku Joni. Ananditenga mongoyesa, kwa miyezi itatu. "Aphunzitsi, kompyuta muiphunzira, ndiyosavuta," anatero tsiku loyamba. "Chovuta ndi anthu. Mupeze munthu wanu mmodzi, mumukweze ndege popanda misozi. Mukatero, mpando uwo ndi wanu."

Munthu wanga anadzakhala Abiti Saidi, mayi wachikulire wa kwa Mposa, wamasiye, mlimi wa mpunga ndi nandolo. Mwana wawo Mariamu ndinamuphunzitsa ine. Ankakhala kutsogolo ndipo masamu ankawamwa ngati thobwa. Anakwatiwa n'kupita ku Joni, ndipo panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi osaonana ndi mayi ake. Tsopano anali woyembekezera mwana woyamba, mwezi wake utayandikira. Iye ndi mwamuna wake anatumiza ndalama ya tikiti, ndipo pafoni anandipempha chinthu chimodzi: "Madamu, amayi asaiwale mpunga wa kudimba kwathu. Zina zonse zitsale, koma mpunga ubwere. Wakuno ndikadya ndimangokhala ngati ndikutafuna pepala." Ndinamulonjeza, ndipo ndinalemba m'kope langa.

Tikiti inali yotsika mtengo: chikwama chimodzi cha makilo 23, ndi kena kakang'ono ka m'manja. Kupyola pamenepo amalipiritsa ndalama imene Abiti analibe, ngakhale ine ndinalibe.

Tsiku loti mawa ndi ulendo ndinapita kwa Mposa kukalongedza. Ndinapeza pakhonde pa Abiti pali ngati pamsika. Kwathu kuno munthu sapita ku Joni yekha. Nyumba iliyonse yokhala ndi mwana kumeneko imabweretsa phukusi. Wina matemba a ku Chilwa, wina ufa, wina thelele louma, wina chitenje. Mayi Matewere anali atandiphunzitsa kuti munthu asanyamule chimene sanachione mkati, choncho ndinamasula phukusi lililonse eni ake akuona. Ena anadandaula kuti Madamu akuwaganizira za chamba, koma ataona kuti ndikulemba dzina la wolandira pa phukusi lililonse ndi cholembera chakuda, m'malembo aakulu a pabolodi, mitima inakhala pansi.

Womaliza kubwera anali Amadu. Ameneyu ndi mwana wa malemu mng'ono wawo wa Abiti, ndipo anamulera ndi Abitiwo kuyambira akukwawa. Tsopano ndi bambo wa ana atatu, amagula nandolo ndi chimanga kwa alimi, sikelo yake ili lende pakhonde la golosale yake. Abiti ankagulitsa zokolola zawo kwa iye yekha. "Ndipitirenji kwa mlendo mwana ali pompa?" ankatero. Phukusi la Amadu linali la mtedza wosenda, lopita kwa mnzake amene anamulonjeza foni yamakono.

Tinapanikiza zonse m'chikwama chachikulu cha mizeremizere, chija amanyamuliramo kaunjika, mpunga wa Mariamu uli pansi penipeni. Zipi itatsekeka ndinafunsa kuti tiyeza bwanji.

"Madamu, musavutike," anatero Amadu. "Sikelo ilipo."

Ananyamula yekha chikwamacho mpaka pagolosale, nachipachika. Muvi unayenda n'kuima pa 22. Ndinalemba 22 m'kope, n'kudula mzere kawiri kunsi kwake, ndipo ndinamuthokoza. Madzulo ake tinafika pa Liwonde pa njinga zamoto, Abiti nagona kwanga.

Ndege inali ya 3 koloko masana pa Chileka, ndipo amasiya kulandira katundu 2 koloko. Mayi Matewere anati tisadzere ku Zomba, poopa kuthinana kwa magalimoto mu Limbe. Tidzere ku Balaka ndi Zalewa, tikatulukire mbali ya ku Chileka komweko. Tinanyamuka 6 koloko m'mawa. Ine ndinavala suti yanga ya tsiku lotsekera sukulu, pasipoti ndi tikiti zili mu envulopu imene ndinkangoigwiragwira ngati ithawa.

Powoloka Shire, Abiti anatseka maso n'kunong'ona dua yawo, pemphero la Chisilamu. Atatsegula anandifunsa funso loyamba la tsikulo.

"Madamu, m'mwambamo nthawi yoswali ikakwana, ndiyang'ana kuti?"

Ndinali nditaloweza mayina achidule a mabwalo a ndege khumi ndi awiri, kukula kwa botolo lamadzi lololedwa, ndi mbali imene kumakhala chimbudzi. Koma limeneli silinali m'buku limene Mayi Matewere anandipatsa, ndipo ine Mkatolika ndinali ndisanaliganizirepo. Ndinavomera kuti sindikudziwa, n'kulilemba m'kope kuti ndikafunse. Abiti anandiyang'ana cham'mbali. Ndikhulupirira kuti aka kanali koyamba kumva mphunzitsi akunena kuti sakudziwa.

Pa Balaka tinafika 7 koloko isanakwane. Minibasi ya ku Blantyre inkaoneka kuti yatsala ndi anthu awiri okha kuti idzaze, ndiye tinathamangira. Titakhala, anthu awiri anatsika. Atakwera ena atatu, anatsikanso atatu. Ndinayamba kuwerenga, ndipo ndinapeza kuti apaulendo enieni tinalipo asanu ndi mmodzi. Enawo anali ongokhalira mipando kuti galimoto ioneke yodzaza. Ndinafunsa mmodzi ngati imeneyi ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Anati eya, ndipo waigwira zaka zitatu, koma ku Blantyre sanafikeko. Ndinaseka, kenako ndinakumbukira achimwene anga, kuseka n'kuthera pomwepo.

Kondakitala anati chikwama chilipiridwe ngati munthu. Ndinamutsegulira kope. "Makilo 22 okha, achimwene. Mwana wa Sitandade 1 amaposa pamenepa." Iye anali kalikiliki kukankhira matumba a wina pansi pa mpando, chikwama chathu chitakwezedwa kale ndi oitanira, ndiye anangoti tikambirana kutsogolo.

Pambali pa Abiti panakhala bambo wina wa chipewa chachikopa, amene atangomva za Joni anadzuka ngati wathiridwa madzi. Anati iye anapitako kanayi, pabasi, kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, masiku atatu matako ali dzanzi. Ndege anali asanakwerepo, koma zimenezo sizinamuletse kulangiza. Anati m'ndege musamadye chilichonse chimene akupatsani chifukwa amadzalipiritsa potsika. Ndinati chakudya chili kale m'tikiti. Anati ku Joni kumazizira mwezi uno. Ndinati kukutentha, ndaona pakompyuta. Anandiyang'ana kuyambira kusuti mpaka kunsapato.

"Inu mwapitako kangati, mayi?"

"Sindinapiteko."

"Basi," anatero, n'kutembenukiranso kwa Abiti kukapitiriza phunziro lake.

Tinachoka pa Balaka 8 koloko itapitirira. Pa Chingeni tinakhotera kumwera, dzuwa litayamba kale kuluma. M'mbali mwa msewu munali matumba a makala, mabeseni a masau ndi malambe, ndi anthu okweza m'mwamba mapani a mbewa; Abiti akaona mbewazo ankakokera mpango kumaso. Ine mtima unali m'malo. Ndinawerengera kuti tikafika pa Chileka 11 koloko, ndipo ndikhala ndi maola atatu oonerera ndege.

Titatsala pang'ono kulowa pa Phalula tinamva phuu! Galimoto inapepeluka, amayi ena n'kuitana Yesu, Abiti n'kuitana Allah, dalaivala naiimika bwinobwino pambali. Tayala lakumbuyo linali litang'ambika. Sipeya inali pansi pa katundu, choncho kondakitala anayamba kutsitsa zonse. Atafika pa chikwama chathu anachikoka ndi dzanja limodzi, chinakana. Anachigwira ndi awiri, nachitula pansi, n'kundiyang'ana.

"Mayi, mwati ichi ndi 22?"

"Tayeza dzulo."

"Mwayeza pa sikelo ya ndani?"

Sanadikire yankho. Sipeya nayo inapezeka yopanda mpweya, ndiye anaikweza pa njinga ya kabaza n'kupita nayo pamsika. Koma funso lake linatsala ndi ine. Ndinayesa kunyamula chikwamacho. Kunena zoona, dzulo lake sindinachinyamule. Ananyamula ndi Amadu, kenako wa njinga yamoto, kenako oitanira. Ndinachikweza pang'ono, msana n'kundiuza zimene kope silinandiuze.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mthethe. Patapita theka la ola kunabwera uthenga woti pamsika magetsi azima, makina opopera sakugwira, akusaka pampu ya phazi. Maminibasi ena ankadutsa odzaza, makondakitala ake akutiimikira dzanja ngati akutipepesa pamaliro. Bambo wa chipewa anagula chimanga chootcha n'kuyamba kufotokoza mmene basi yawo inafera pa Tete masiku awiri. Ine sindinkamva. Maso anga anali tsidya la msewu, pomwe amayi ambiri anakhala pansi pa mtengo wa mango, ana ali kumsana. Panthambi panali lende sikelo yoyera, ndipo mayi wina wa yunifolomu, mlangizi wa zaumoyo, ankaika ana m'kakabudula kansalu n'kuwapachika mmodzimmodzi, ana akulira ngati akuphedwa.

Ndinawoloka. Ndinapereka moni, n'kudikira mpaka mwana womaliza atatsika, kenako ndinafotokoza vuto langa. Alangiziwo anaseka mpaka kugwira mtengo.

"Zaka zonsezi ndayeza ana, tsiku lina ndinayezapo mbuzi ya amfumu, koma chikwama cha ku Joni ndi choyamba. Bweretsani. Koma sikelo yanga imathera pa 25."

Uphunzitsi sutha msanga m'thupi. Ndisanakhulupirire sikelo yachiwiri, ndinagula paketi ya shuga ya kilo imodzi pa kagolosale kapafupi, monga ndinkachitira pophunzitsa miyeso, n'kuiika m'kakabudula kaja. Muvi unaima pa 1, osapitirira, osaperewera. Ndiyeno ine ndi bambo wa chipewa tinakweza chikwama. Muvi unathamanga, unadutsa 22 osapereka moni, unadutsa 23, n'kukagunda kumapeto.

Tinamasula chikwama pa chitenje, amayi a kusikelo atatizungulira, n'kuyamba kuyeza chimodzichimodzi. Alangizi ankatchula, ine ndikulemba kuseri kwa envulopu ya tikiti. Mpunga wa Mariamu, makilo anayi. Mtedza wa Amadu, makilo anayi. Matemba, ufa, zovala, chikwama chopanda kanthu. Ndinaphatikiza, n'kubwereza kuchokera pansi kupita m'mwamba monga ndinkauzira ana. Zonse ziwiri zinandipatsa 27.

Manyazi amene anandigwira sindidzawaiwala. Ine amene ndinakulira m'nyumba ya mlimi, amene ndinamva mayi anga chaka ndi chaka akudandaula za masikelo a ogula mbewu, amene ndinaphunzitsa makilogalamu zaka khumi ndi zinayi, ndinakayeza katundu wa ndege pa sikelo yogulira nandolo, n'kudula mzere kawiri. Sikelo yotero imapepukitsa katundu, ndiyo ntchito yake. Ndinkadziwa bwinobwino, koma poti muvi unanena zimene ndinkafuna kumva, sindinaufunse mafunso.

Apa bambo wa chipewa anathandizadi. Anati zovala zimene munthu wavala siziyezedwa. Abiti anavala juzi pamwamba pa diresi, namanga zitenje ziwiri zoonjezera, pa dzuwa la pa Phalula limene limaumitsa chimanga chili chiimire. Kachikwama ka m'manja kanali kodzaza kale mpaka pamlingo wake. Tinatsala ndi 26.

"Amayi," ndinatero, "tichotse maphukusi awiri a anthu. Ndikawabwezera ndekha, ndikawafotokozera kuti wolakwa ndine."

Abiti anapukusa mutu. "Iyayi, Madamu. Maphukusi awa ndawalandira ndi manja awiri. Ku Joni ndikukakhala miyezi itatu, koma kwa Mposa ndiye kwathu. Ndikadwala adzanditengera madzi ndi anthu omwewa. Wa ndani atsale, wa ndani apite?"

"Nanga Mariamu?"

"Mariamu ndi wanga. Wako ndi amene umamulakwira."

Anatenga thumba la mpunga, nalimanganso bwino pakamwa, n'kundipatsa. Tinabweza zina zonse, tinapachika, muvi n'kuima pa 22. Palibe amene anaomba m'manja. Ndinaima pamenepo nditakumbatira mpunga ngati mwana wodwala, ndikuganiza za mawu a Mariamu pafoni, ndi zimene ndikauze Mayi Matewere. Munthu wanga akakwera ndege, inde, koma chinthu chimodzi chokha chimene ndinapemphedwa chikabwerera nane pa Liwonde.

Abiti anali akuyang'anabe sikelo ija.

"Madamu, ndifunse nawo. Ya Amadu inati 22. Iyi yati 27. Yonama ndi iti?"

Ndisanayankhe, mayi wina wa mwana kumsana anaseka. "Aa, agogo, mukufunsanso? Sikelo ya venda! Onse ndi amodzi, amaimanga kumbuyo."

"Si venda," anatero Abiti motsitsa mawu. "Ndi mwana wanga."

Mayi uja anayang'ana pansi. Alangizi anayamba kupinda kakabudula kawo.

Tayala linabwera 11 koloko itadutsa. Kondakitala pokweza chikwama anachiyesa m'manja n'kunena kuti, "Tsopano ndiye 22," ndipo za kulipira mpando sanazitchulenso. Tinanyamuka, ine maso ali pa wotchi, mpunga uli pamiyendo. Thukuta linkatsika m'masaya mwa Abiti chifukwa cha juzi ija, koma sankalipukuta. Chala chawo chachikulu chinkayenda pa mfundo za zala zinazo, ndipo ndinkaganiza kuti akupemphera.

Pa Zalewa tinawolokanso Shire yemwe uja tinamuwoloka m'mawa, ndipo apolisi anatiimika kuti aone katundu. Tili chiimire pamenepo, ogulitsa mazira ndi nthochi akugogoda mawindo, Abiti anandikoka dzanja.

"Pa 27 asowa asanu. Nanga pa thumba lathunthu la nandolo angasowe angati?"

Ndinazindikira kuti zala zija sizinali pa pemphero. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa, koma ndinali nditanena kale zimenezo kamodzi m'mawa, ndipo ulendo uno likanakhala bodza.

"Pafupifupi asanu ndi anayi, amayi."

"Chaka chatha ndinamupatsa matumba asanu ndi limodzi." Anawerenganso pa zala. "Ndiye kuti limodzi linapita ulere. Ndipo ndinayamba kumugulitsa chaka chimene anamwalira bambo ake a Mariamu."

Bambo wa chipewa anafuna kuziziritsa nkhani. "Musadandaule, amayi. Chibale n'fupa, sichiola."

"Fupa ndimalidziwa, bambo," anatero Abiti. "Limatsamwitsanso."

Pa Lunzu linali tsiku la msika, ndipo dalaivala anaima kudikira mayi wina amene ankatsatsabe tomato wake ali ndi phazi limodzi m'galimoto. Ndinachonderera, ndinatchula ndege, ndinaonetsa envulopu. Apaulendo onse, amene tsopano ankaidziwa nkhani yathu mpaka kilo yomaliza, anayamba kukuwa kuti tiyeni, agogo asiyidwa, mpaka dalaivala anagonja. Pa Kameza tinatsika 1 koloko itapitirira, bambo wa chipewa natithandiza kukweza chikwama m'kagalimoto ka ku Chileka. Potsazika anauza Abiti kuti akafika akapereke moni kwa Joni yense.

Ndege yoyamba kuiona ili pansi ndinaionera pa mpanda, tikutsika m'galimoto. Ndinkayembekezera kuti ndidzaima n'kuiyang'anitsitsa, koma ndinangoona mchira wake ndi anthu ang'onoang'ono akuyenda pansi pa phiko, kenako tinathamangira mkati. Pamzere panali anthu asanu ndi awiri patsogolo pathu. Wotchi inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti asiye kulandira katundu.

Titatsala ndi anthu awiri, Abiti anati, "Madamu, tsegulani chikwama."

"Amayi, nthawi yatha."

"Tsegulani."

Ndinagwada pa simenti yonyezimira ija, suti yanga yotsekera sukulu ili fumbi lokhalokha, n'kukoka zipi. Abiti anapisa dzanja, nadutsa matemba, nadutsa ufa, n'kutulutsa phukusi la mtedza lolembedwa ndi dzanja langa. Analiika pansi. Anatenga mpunga m'manja mwanga, nauika m'malo mwake, n'kuukanikiza ndi chibakera.

"Uyu ndi anayi, uyu ndi anayi. Si choncho?"

"Ndi choncho, amayi. Koma munati phukusi la munthu silitsala."

"Ndinatero."

Tinatseka zipi mothandizana, ine ndikukanikiza ndi bondo. Mtsikana wa pakauntala, amene anavala mpango kumutu ngati Abiti, anaona pasipoti ndi tikiti, natiuza kuti tiike chikwama pa sikelo. Sikelo yake inalibe muvi, inali ndi manambala ofiira. Anaphethira kawiri n'kuima pa 22. Chikwama chinamatidwa kapepala, n'kuyenda chokha pa lamba kulowa kuseri kwa khoma, Abiti akuchiyang'ana modabwa ngati mbuzi imene yadziwa yokha njira ya kukhola.

Ndinakumbukira kope langa, n'kufunsa mtsikanayo funso la pa Shire lija. Anamwetulira n'kuyankha Abiti m'Chiyao, kenako anandimasulira: aswali atakhala pampando pomwepo, Mulungu akudziwa kuti ali paulendo. Ndinalemba yankholo pansi pa funso lake.

Pakhomo limene operekeza sadutsa, Abiti anavula juzi n'kuikoleka pamkono. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Maso awo anali ouma. Amene ankalimbana ndi misozi ndinali ine. Analoza phukusi la mtedza.

"Ili mukampatse Amadu m'manja mwake. Akakufunsani, mukamuuze chonchi: chikwama chinachoka pa sikelo yake chili 22, chakwera ndege chili 22. Ine sindinasiye kanthu."

Ndege inanyamuka ine nditaima panja pa mpanda, mtedza uli m'khwapa. Ndinaiyang'ana mpaka inasanduka kadontho kamene achimwene anga amakadziwa. Mawa lake Mariamu anatumiza chithunzi cha mbale ya mpunga pafoni ya ku ofesi. Mayi Matewere anachiona, namva nkhani yonse, n'kuseka mpaka kutsokomola. Kenako anandituma kukagula sikelo yathuyathu, ndi paketi ya shuga yoti izikhala m'dirowa ya tebulo langa.

Loweruka ndinapita kwa Mposa. Ndinapeza Amadu pakhonde la golosale, amayi asanu ali pamzere ndi timatumba ta nandolo. Atandiona ndi phukusi lija nkhope inasintha.

"Madamu, bwanji? Langa lokha ndiye latsala?"

Ndinanena mawu a Abiti monga anandiuzira, osachotsa, osaonjeza. Amayi a pamzere anasiya kucheza. Amadu anayang'ana sikelo yake, nayang'ana amayi aja. Kenako anatambasula manja onse awiri n'kulandira mtedza wake.

Zaka zonse zimene ndakhala ndikudutsa pagolosale imeneyo, ndi katundu yekhayo amene ndinamuona Amadu akulandira osamuyeza.